Chibwenzi cha a Kazembe

Galimoto yoyera ija itayamba kumaima pakhomo pathu Loweruka, anthu a kuno ku Bua anasiya kundipatsa moni wamba. Aliyense ankaikako kamchira. "Mwadzuka bwanji, amayi a Tionge? Alendo anu aja akubwera lero?" Ine ndinkayankha kuti alendowo si anga, ndi a bambo akunyumba. Kenaka ndinazindikira kuti yankho limenelo ndi lomwe ankafuna, chifukwa ankachoka akugwirana mapewa.

Mlendoyo anali Mayi Eva, kazembe wa dziko lina la ku Ulaya lomwe dzina lake mpaka lero limandilumitsa lilime. Boma la kwawo linkathandiza gulu lathu la alimi a mpunga kumanga chigayo chopunthira, kuti tisamagulitse mpunga ndi makoko omwe kwa mavenda. Tsiku loyamba kudzaona malo panasowa womasulira, ndiye anthu anathamangira amuna anga, a Raston, omwe anapuma pa uphunzitsi tsitsi litayera ngati choko chawo chomwe. Anamasulira bwino, sindikana. Koma mayi uja m'malo mothokoza n'kumapita, anati akufuna kuphunzira Chichewa, ndipo mphunzitsi wamupeza.

"Ku Lilongwe kulibe aphunzitsi?" ndinawafunsa a Raston tsiku lomwelo.

"Kumeneko amaphunzitsa Chichewa cha m'mabuku," anatero. "Iwo akufuna cha anthu."

"Ndiye Salima yense adutsa osaonako anthu, mpaka kudzawapeza pakhomo panga?"

A Raston ukawafunsa funso lolasa amavula magalasi n'kumapukuta mpaka iwe utatopa wekha.

Basi, sukulu inatsegulidwa pansi pa mtengo wa mango. Loweruka lina ndi lina mayiyo akamapita kukapuma ku nyumba ya alendo ya kunyanja ankayamba waima kwathu. A Raston ankatulutsa mipando iwiri, yabwino ija ya pabalaza yomwe ngakhale ansembe sitiwatulutsira panja. Dalaivala ankapita kukafunafuna nsomba za mpasa kumtsinje. Ine ndinkafulula tiyi, kumuika patebulo mosataya ulemu komanso mosaonetsa mano, n'kukakhala pakhonde ndi lichero, pomwe mawu onse amafika.

Sindinamvepo choipa, ndipo chimenecho ndi chomwe chinkandiwawa. Ankangoti, "Ndikupita, ukupita, akupita." Koma maso anga ankaona zina. Munthu amene moyo wake wonse ankavala chilichonse chomwe ndamuikira pampando anayamba kusita yekha malaya. Anagula polishi. Anayamba kukwera kabaza kukametetsa ndevu. Ndipo ankaseka, kuseka kwenikweni kotsegula pakamwa, mpaka ndinaona kuti kumapeto uko kuli dzino loguluka lomwe sindinkalidziwa, ine mkazi wawo.

Mnzanga Fauzia, amene amagulitsa nsomba pamsewu, anali ndi maganizo akeake. "Wallahi, amayi a Tionge, inu mukugona," ankatero akuthamangitsa ntchentche pa usipa. "Kazembe ndi kazitape wosamba bwino. Akufuniranji chiyankhulo chathu? Akufuna azimva zomwe tikunena. Lero chigayo, mawa mudzamva kuti doko ili si lathu." Ena ankati akufuna malo omanga hotela ndipo a Raston ndiwo akumulozera. Ena ankati m'nyanjamu muli mafuta. Ine za nyanja sindinkazilabadira, ili ndi oilondera ambiri. Mwamuna wanga ndinali ndekha womulondera.

Musandiseke kuti nkhalamba ngati ine nsanje ya chiyani. Mayi ujanso sanali mtsikana, anali wa imvi, wouma, wa mapazi aatali. Koma ine ndi a Raston sitinakumane mwa masiku ano. Amalume anga ndi amalume awo anagwirizana pa khonde la tchalitchi chathu cha Angilikani, tinaonana kangapo pali anthu, kenaka tinapezeka pa guwa. Sanandilemberepo mawu okoma, sanandidikirepo panjira ya kuchitsime. Tinangokhala, tinabereka, tinalera, ana anapita kukagwira ntchito ku Dwangwa ndi ku Blantyre. Ndinkaganiza kuti umo ndi momwe analengedwera, kuti mtima wawo ulibe chipinda chimenecho. Tsono kuona chipindacho chikutseguka munthu atakalamba, ndipo wotsegula n'kukhala mlendo, zinkandipweteka.

Tsiku lina ndinamumva mayiyo akufunsa za liwu lakuti "tamva". Anati ku Lilongwe akapita kukaonana ndi akuluakulu, akafotokoza zonse, iwo amati "tamva", iye n'kubwerera atakondwa kuti agwirizana. Pakapita miyezi palibe chochitika. A Raston anamuuza kuti "tamva" ndi makutu okha, mtima sunayankhule. Mayiyo anaseka nati kwawonso akazembe ali ndi liwu lotero, lokanira munthu akumwetulira. Anati amakhala m'nyumba ya mpanda wautali wa mawaya a moto pamwamba, ndipo aliyense wolowa pageti amabwera atavala kale nkhope yoti iye aione. Ine pakhonde paja ndinati mumtima, ndiye mwabwera kudzaona nkhope ya amuna a eni.

Chigayo chinatha, ndipo tsiku lotsegulira linafika. Anakhoma tenti, anabwereka mipando kusukulu, kunabwera akuluakulu a ku boma, ansembe athu, mashehe, ndi anyamata onyamula mafoni m'mwamba. Amayi anavina chiwoda mpaka fumbi linakwera. Ine ndinakhala ndi amayi a kutchalitchi kwathu, tonse titavala yunifolomu. Mbiri inali itamveka kale kuti a kazembe alankhula m'Chichewa popanda pepala, ndiye anthu anadzaza ngati kuli mpira.

Mayiyo anaimirira, a Raston ali pambali pake kuti mwina angasowe liwu. Anayamba bwino. Anapereka ulemu kwa onse mwa dongosolo lake, anthu n'kuomba m'manja. Anati mpunga wa kuno ndi wonunkhira kuposa wina uliwonse womwe anadyapo, nthungululu n'kulira. Kenaka anakweza mawu.

"Pa wailesi amati maiko athu ali pa ubale. Ine ndikuti maiko athu ali pa chibwenzi. Chibwenzi chabwino, chosabisa. Monga chibwenzi cha ine ndi aphunzitsi anga a Raston, chimene chinayamba pansi pa mtengo wa mango."

Panali zii, moti ndinamva mbuzi ikulira kutsidya kwa msewu. Kenaka wina kumbuyo anaphulika kuseka, ndipo bwalo lonse linagwa ndi phwete. Amuna ankadzimenya pa maondo. Wina anafuula kuti, "Aphunzitsi, tiphunzitseni nafe!" Ansembe anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Amayi anzanga sanaseke, anachita choposa kuseka: anatembenuka onse kundiyang'ana ndi chisoni. Mmodzi anandigwira dzanja ngati ndili pa maliro.

Ndinayang'ana a Raston. Ndinkayembekeza kuti alanda chimkuzamawu n'kukonza, kapena avula magalasi monga mwa nthawi zonse. Sanachite chilichonse. Anaima chowerama pang'ono, manja kumbuyo, ngati munthu amene akumvetsera nyimbo ya kutali. Ndinati manyazi awaumitsa. Ndinadzuka, ndinadutsa pakati pa anthu mutu uli m'mwamba, n'kubwera kunyumba. Pamsewu Fauzia anangoti, "Ndinkanena ine," ngakhale kuti zomwe ankanena iye zinali za doko.

Ndinavula yunifolomu, ndinapita kuseri kwa nyumba n'kuyamba kupeta mpunga wopeta kale. Ndinkadziwa kuti pofika madzulo kanema uja akhala atafika m'mafoni a ana anga. Ndinkadziwanso kuti mawa ndi Lamulungu, ndipo ndiyenera kukalowa m'tchalitchi anthu akunditsegulira njira ngati wodwala. Mzungu walankhula yekha pagulu zomwe mudzi wonse unkanong'ona, ndiye ndani angatsutse?

"Odi."

Anali mayi uja, wapansi, nsapato zili mbuu, wopanda dalaivala. Sindinayankhe odi wakeyo. Anaima pakona ya nyumba ngati mwana wotumidwa, nabwerezanso. Ndinati, "Fikani," osakweza mutu.

"Amayi Keti, ndalakwa chiyani?"

"Kafunseni aphunzitsi anu."

"Azunguliridwa ndi anthu." Ankalankhula pang'onopang'ono, akusankha mawu, pena n'kuponyamo Chingerezi chomwe ndimamvako. "Ndafunsa bwana wa ku boma, akuti ndalankhula bwino kwambiri. Ndafunsa dalaivala wanga, akuti bwino kwambiri, koma akuyang'ana matayala. Ntchito yanga, amayi, ndi kumvetsera momwe anthu akusekera. Kuseka kuja sikunali kwabwino."

"Tsono mwabwereranji kwa ine?"

"Chifukwa inu simundikonda."

Apo ndinakweza mutu. Sankaseka.

"Dziko lino lonse limandisekerera," anatero. "Inu nokha ayi. Tiyi mumandipatsa, nkhope simundipatsa. Ndiye inu simunganame kuti mundikondweretse."

Ndinaika lichero pansi. Ndinamuuza mosazungulira, monga ndingauzire mwana wa Sande sukulu wosamva. Chibwenzi ndi cha mwamuna ndi mkazi. Ndi chija chokumana kumdima, chija mtsikana amabwera nacho kunyumba ali ndi pakati, chija chimapasula mabanja a anthu. Ndinati mwaima pamaso pa ansembe, mashehe ndi mudzi wonse n'kulengeza kuti mumagona ndi mwamuna wanga.

Ndinali ndisanaonepo munthu akusintha mtundu chotero. Anafiira kuyambira m'khosi mpaka m'makutu, anafunafuna pogwira, n'kukhala pa mtondo. Pa mtondo sakhalapo, koma sindinamuuze. Munthu wonama ndimamudziwa, ndalera ana. Uyu sankanama, ndipo ndinakwiya kuti sakunama, chifukwa mkwiyo wanga wa miyezi yonseyi unasowa pogwera.

"Mukanangoti ubale, monga anenera anzanu onse," ndinatero. "Chinavuta n'chiyani?"

"Sindikanatha. Aphunzitsi anandiphunzitsa mwambi, chibale n'fupa, sichiwola. Mwambi wokongola. Koma maiko alibe fupa, amayi Keti." Anapukuta nkhope ndi dzanja. "Kwathu boma lasintha. Atsopanowa akuti kuno n'kutali. Ofesi yathu akuitseka, ine akundiitana. Nkhokwe ya mpunga imene tinalonjeza kumanga pambali pa chigayo sidzamangidwa. Sindiloledwa kunena pagulu. Koma sindinafune kuima pamaso panu n'kunena kuti ndife abale, ndikudziwa kuti mwezi wa mawa kulibe ine. Ndiye ndinafuna liwu laling'ono, loona. Ndinati mbale, chibale. Bwenzi, chibwenzi."

Mukaganiza, nzeru zake zinali zowongoka ndithu, kungoti Chichewa sichiyenda mowongoka. Ndinatsala pang'ono kuseka.

"Mukanafunsa kaye," ndinatero.

"Ndinafunsa."

"Ndani?"

Ndinaona maso ake akuyenda, akubwerera m'mbuyo, n'kukaima pamalo pomwe ine ndinali nditaima kale.

"Loweruka lapitali, inu muli kudimba," anatero motsitsa mawu, "ndinawauza aphunzitsi kuti ndikupita kwathu. Kenaka ndinanena mawu anga onse pamaso pawo, kubwerezabwereza. Ndinafunsa, liwu ili lili bwino? Anati lili bwino, musasinthe." Anaima, n'kuwonjezera mofulumira, "Mwina sanamve bwino. Kunali mphepo. Ndipo ine katchulidwe kanga..."

"Mayi," ndinatero, "musandichite ukazembe pakhomo panga."

Anatseka pakamwa. Kuyambira pomwepo mtima wanga unasiya kumutcha "mayi uja", unayamba kuwatcha iwo.

Anapempha kuti abwerere kubwalo akapepese pa chimkuzamawu. Ndinawauza kuti madzi akatayika saoleka, ndipo kupepesa kungowonjezera kanema wachiwiri. Anapukusa mutu. "Ndiye za maiko sindinalakwe," anatero. "Mphatso, mawu okoma, kujambulitsa, kenaka wina watopa n'kuchoka osatsanzika. Ndagwira ntchito imeneyi m'maiko ambiri, liwu lake ndalipeza ku Bua. Koma za aphunzitsi ndalakwa, ndipo ndalakwira inu. Ine ndili ndi mwamuna kwathu, wodwala miyendo, amandidikira. Kuno ndinkabwera chifukwa ndi pokhapa pomwe ndimakhala pa mpando osasamala mawu."

"Ndiye onani kusasamala mawu komwe kwatifikitsa," ndinatero.

Ndinalowa m'nyumba, ndinavalanso yunifolomu, ndinathira mpunga wa faya m'thumba n'kusenza pamutu. Anandifunsa kuti tikupita kuti. Ndinati kwathu kuno mlendo timamuperekeza. Tinayenda limodzi njira yaikulu, osati yachidule, kudutsa pa mjigo, pa golosale, mpaka pamsewu pomwe galimoto inaima ndi anthu ali khamu. Ndinawagwira dzanja njira yonse. Ndinkalankhula mokweza za mitengo ya feteleza, iwo n'kumavomera kuti "eya, eya" ngati akumva. Ndinatula thumba lija m'galimoto ndekha, ndinawakumbatira pamaso pa onse, ndinati akapereke moni kwa bambo akunyumba. Fauzia anayasama mpaka ntchentche za pa usipa zikanalowa. Mkazi wolandidwa mwamuna saperekeza mkazi mnzake ndi mpunga, aliyense amadziwa zimenezo. Pofika pomwe galimoto inakhota, nkhani inali itasanduka ya mzungu wophonya Chichewa.

Mudzi ndinauthetsa. Kunatsala kunyumba.

Ndinawapeza a Raston pansi pa mango, atavala malaya ositasita aja. Anali atatulutsa mipando iwiri, mwina poganiza kuti mlendo adutsira pano asanapite. Atandiona ndili ndekha anayang'ana kunjira kumbuyo kwanga.

"Apita," ndinatero. "Ndawaperekeza."

"Mwachita bwino, amayi a Tionge. Chichewa n'chovuta kwa alendo. Liwu limodzi lokha likasintha..."

"Aphunzitsi," ndinatero, ndipo sindinawatchepo choncho chikwatiranireni, "ndiphunzitseniko inenso. Chibale ndi chibwenzi n'chimodzimodzi?"

Dzanja lawo linapita kumagalasi.

"Asiyeni magalasiwo, ndi oyera. Anakufunsani?"

"Anandifunsa."

"Munamva bwino? Kapena kunali mphepo?"

"Kunalibe mphepo."

Ndinali nditakonzeka kuti akana, kuti ati anaiwala, kuti ati ankafuna kuseketsa anthu. Mayankho a zonsezo ndinali nawo, akuthwa, ndinawanola panjira. Ndinawakumbutsa kuti ali ndi zidzukulu, kuti amawerenga mawu m'tchalitchi, kuti achititsa manyazi mlendo wa dziko amene anawakhulupirira, kuti ine anandigwira dzanja ngati wamasiye iwo ali moyo. Ndinati mayi aja sankakuganizirani n'komwe, ali ndi mwamuna wawo.

"Ndikudziwa," anatero. "Sanandiganizirepo. Sindinawakhudze ngakhale chala, Mulungu ndi mboni."

"Nanga n'chifukwa chiyani?"

Anayang'ana mpando wopanda munthu uja nthawi yaitali.

"Ankapita, Keti," anatero. Dzina langa limenelo analitchula komaliza ana ali aang'ono. "Ndakalamba osamvapo munthu akunena mawu amenewo pa dzina langa. Ndimafuna ndingomva momwe amamvekera. Kamodzi kokha."

Miyezi yonseyi ndinkalondera galimoto, ndinkalondera msewu, ndinkawerenga nkhope ya mlendo, pomwe njala inali m'nyumba mwanga momwemo, yakalekale, yofanana ndi yanga. Zinandipweteka kuposa kuseka kwa bwalo lonse lija. Moyo wonsewu ndili pompano, ndikuwaphikira, ndikuwachapira, mawu amenewo ndili nawo, ndipo anakawapempha kwa munthu wosadziwa tanthauzo lake.

"Mukanandifunsa ine," ndinatero.

Anatsegula pakamwa, koma sindinadikire. Ndinanyamula mpando wachiwiri uja n'kukaulowetsa m'nyumba.